Mutu 8: Njira ya Udokotala kwa Amene Anayamba Moipa ku Koleji

M'chaka cha 1937, Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville ku Tennessee. Zaka 20 m'mbuyo mwake, mu 1917, Daniel Sharpe Malekebu, yemwe pambuyo pake anadzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu, anali atatulukira pakhomo lomwelo. Zoti Kamuzu anali dokotala tonse timazidziwa, koma ambiri sitikumbukira kuti asanapite ku Meharry anayamba watenga digiri ina pa University of Chicago mu 1931. Ku America udokotala umayenda choncho mpaka lero.

Kuno kwathu mwana amene wakhoza bwino mayeso a Folomu 4 amatha kusankhidwa kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, n'kuyamba ulendo wa udokotala akadali wamng'ono. Ku America munthu amayamba wakhala zaka zinayi pa koleji wamba. Akhoza kuphunzira mbiri yakale, nyimbo kapena sayansi, bola atengepo maphunziro angapo amene sukulu za udokotala zimafuna, monga bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi. Akatenga digiri yoyambayo m'pamene amapempha malo kusukulu ya udokotala, komwe amakakhalako zaka zina zinayi. Ndiye kuti malikisi amene mwana anapeza ali ndi zaka 18, atangochoka pakhomo pa makolo ake, amadzamutsatira ali ndi zaka 23 ngakhalenso 30. Mutu uno ukunena za munthu amene zaka zoyambazo sizinamuyendere. Anthu otere alipo ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu amene makolo awo anakakhazikika ku South Bend, ku Dallas kapena ku Washington.

Kukhwima kwa khomo limeneli kunayamba kale. Mu 1910 mphunzitsi wina dzina lake Abraham Flexner, yemwe sanali dokotala n'komwe, anatulutsa lipoti atayendera sukulu 155 za udokotala ku America ndi ku Canada, atatumidwa ndi Carnegie Foundation. Anapeza kuti sukulu zambiri zinali malonda chabe, aliyense wokhala ndi fizi ankalowa. Iye anati zitsanzire Johns Hopkins ya ku Baltimore, imene kuyambira 1893 inkalandira okhawo amene ali ndi digiri kale komanso maziko a sayansi. Sukulu zambiri zinatsekedwa. Mwa sukulu 7 za anthu akuda zinatsala ziwiri zokha, Howard ndi Meharry yomwe ija. Masiku ano anthu opitirira 50,000 amapempha malo chaka chilichonse m'sukulu zopereka digiri ya MD, ndipo olowa amakhala pafupifupi 4 mwa 10 alionse. Mu 2021 opempha anapitirira 60,000.

Mmene amawerengera malikisi

Avereji ya malikisi a ku koleji amaitcha GPA. Wopeza A amalandira mapointi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, ndipo F ndi ziro. Apa tisasokoneze ndi MSCE, kumene mapointi ochepa ndiye kukhoza: ku America ochuluka ndiye abwino, ndipo denga ndi 4.0. Phunziro lililonse lili ndi kulemera kwake, komwe amakuyeza m'makirediti, kawirikawiri atatu kapena anayi, ndipo digiri yonse imakwana makirediti pafupifupi 120. Avereji ya anthu amene amalowa m'sukulu za MD imakhala pafupifupi 3.8. Wophunzira wa 2.8 akaona nambala imeneyi amasowa mtengo wogwira.

Zopempha malo zambiri zimadzera pa khomo limodzi lotchedwa AMCAS, lomwe limayendetsedwa ndi bungwe la Association of American Medical Colleges. AMCAS imaitanitsa pepala la malikisi kuchokera ku koleji iliyonse imene munthu anapondako phazi, ngakhale anangophunzirako teremu imodzi, n'kuwerengera yokha avereji mwa malamulo ake. Imapatula avereji ya bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu, kuti munthu asabise kufooka kwake pa sayansi kuseri kwa ma A a maphunziro opepuka.

Lamulo limene limapweteka kwambiri ndi ili. Kwathu wophunzira akalakwa amabwereza Folomu 4, alembanso mayeso a MANEB, mapointi n'kutsika, iye n'kumayenda ndi zotsatira zatsopanozo. Makoleji ambiri a ku America nawonso amalola kubwereza phunziro, ndipo ena amachotsa giredi yakaleyo pa avereji yawo. Koma AMCAS sichotsa. F woyamba uja ndi A wachiwiri onse amawerengedwa, ndipo ukawaphatikiza amafanana ndi C. Sukulu za madokotala a digiri ya DO, zimene tizikamba kutsogoloku, kale zinkawerengera giredi yomaliza yokha, koma zinasiya mu 2017. Madzi akatayika saoleka. Malo amene lamulo limalola kufufuta zakale ndi ku Texas, komwe kuyambira 1993 kuli dongosolo la Academic Fresh Start. Nzika ya boma limenelo ikhoza kupempha kuti maphunziro amene inachita zaka 10 kapena kuposerapo zapitazo asawerengedwe m'sukulu za boma za kumeneko. Koma amachotsa onse, abwino ndi oipa omwe, ndipo munthuyo amayambiranso.

Tsopano tiyeni tichite masamu, chifukwa anthu ambiri amawononga zaka ndi ndalama posawachita. Tiyerekeze mtsikana wamaliza digiri ya makirediti 120 ndi avereji ya 2.8. Akabwerera ku koleji chaka chathunthu, n'kutenga makirediti 30, onse n'kupeza A, avereji yake imangofika pa 3.04. Akachita zomwezo chaka chachiwiri imafika pa 3.2. Kuti afike pa 3.5 angafunike makirediti 168 a ma A okhaokha, zomwe n'zoposa digiri ina yathunthu. Kuti afike pa 3.7 angafunike makirediti 360.

Wina angati basi, walemba m'madzi. Ine ndikuti ayi, ndipo nkhani yonse ya mutu uno yagona pano. AMCAS sipereka nambala imodzi yokha. Imaonetsa avereji ya chaka choyamba payokha, chachiwiri payokha, mpaka chachinayi, kenako mzere wina wa maphunziro amene munthu wachita atatenga kale digiri. Taganizirani ophunzira awiri, onse a 3.3. Woyamba anayamba ndi 3.8, kenako 3.7, 3.1, n'kumaliza ndi 2.6. Wachiwiri anayamba ndi 2.6, kenako 3.1, 3.7, n'kumaliza ndi 3.8. Komiti yosankha ikawayang'ana imaona anthu awiri osiyana kwambiri. Woyamba ankafooka pamene maphunziro ankakhwima, wachiwiri ankalimba. Funso la komitiyo ndi lakuti: munthuyu tikampatsa mpando, apirira katundu wa sukulu ya udokotala? Ntchito ya wophunzira amene anagwa ndiyo kubweretsa umboni watsopano woyankha funso limenelo. Nambala yonseyo ingoyenera kukwera mokwanira kuti idutse pa sefa, popeza sukulu zina zimataya mapepala a anthu osafika pa 3.0 munthu asanawawerenge n'komwe. Kwa mtsikana wathu uja, kuchoka pa 2.8 kufika pa 3.04 kumatanthauza kuti pepala lake lifika m'manja mwa munthu.

Chinagwetsa malikisi n'chiyani?

Cholakwa chimene ambiri amachita n'kuthamangira kukalembetsa maphunziro ena asanadziwe chimene chinawagwetsa. Kuli ngati kumwa panado uli ndi malungo: thupi limazizira tsiku limodzi, mawa lake n'kutenthanso. Ndipo C amene wapezeka pa nthawi yokonza amawononga kuposa F wa chaka choyamba, chifukwa amauza komiti kuti vuto lija likadalipo.

Zifukwa zake zimasiyana. Pali mwana amene amagwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba kuti alipire lendi, mwinanso kutumiza kangachepe kumudzi, m'mawa n'kukalowa m'kalasi la kemisitiri maso ali psuu. Ameneyu nzeru ali nazo, chimene akusowa ndi tulo. Akabwerera ku koleji osachepetsa maola a ntchito, zotsatira zikhala zomwe zija. Pali wina amene anagwa chifukwa cha maliro a kholo, matenda, kapena kuvutika maganizo kumene sanauze munthu aliyense poopa kuti anthu amutenga ngati wopepera. Ameneyu ayambe waonana ndi dokotala kapena mlangizi, mabuku adikire. Ndiye pali amene udokotala ndi loto la makolo ake, iye mtima wake uli kwina. Ameneyu malikisi ake ankanena zoona zimene pakamwa pake pankaopa kunena, ndipo makolo achita bwino kumumvetsera asanagulitse munda kapena kulowa m'ngongole.

Koma gulu lalikulu ndi la amene sanadziwe kawerengedwe kake. Ku sekondale ankaloweza manotsi usiku wa mayeso n'kukhoza, aphunzitsi n'kumawatama. Atafika ku koleji anakumana ndi organic chemistry, phunziro limene ophunzira a ku America amaliopa kwambiri, ndipo njira ija inawagwiritsa fuwa la moto. Phunziro limeneli silifuna kuti ubwereze zimene unawerenga. Limakupatsa zinthu zimene sunazionepo n'kukufunsa chimene chichitike zikasakanizidwa. Mu 2006 akatswiri awiri a pa Washington University ku St. Louis, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa kuti ophunzira amene ankatseka buku n'kumayesa kukumbukira zimene awerenga ankakumbukira zambiri patatha mlungu umodzi kuposa amene ankangowerenga mobwerezabwereza. Kuwerenga kangapo tsamba lomwelo kumanamiza mtima, munthu amaona ngati akudziwa chifukwa mawu akuoneka ozolowereka. Chimene chimathandiza n'kuyankha mafunso tsiku ndi tsiku, kulakwa, kufufuza pomwe walakwira, n'kubwereranso ku funso lomwelo patapita masiku angapo.

Palinso manyazi. Aphunzitsi a m'makoleji a ku America amakhala ndi maola oikika mlungu uliwonse pamene wophunzira aliyense angalowe mu ofesi mwawo kukafunsa, ndipo makoleji ambiri ali ndi malo othandizira ophunzira mwaulere. Mwana amene anakula akuphunzitsidwa kuti wamkulu savutitsidwa ndi mafunso amadutsa pakhomo limenelo teremu yonse osagogoda. Safunsa anadya phula. Ndiponso aphunzitsi omwewo ndi amene amadzalemba makalata ochitira munthu umboni popempha malo, ndipo sangalembe zomveka za munthu amene sanamuonepo nkhope. Amene akadali pa koleji adziwenso ichi: phunziro likavuta kwambiri, ukhoza kulisiya tsiku lomaliza loloza kutero lisanadutse. Pepala limalembedwa W, ndipo W salowa m'masamu a avereji. W mmodzi kapena awiri sapha munthu, pomwe F amakhala mpaka kalekale.

Njira zimene zilipo

Wapeza chifukwa n'kuchikonza ayambe pang'ono, phunziro limodzi kapena awiri a sayansi yolimba, aone ngati A akubwera. Akabwera m'pamene awonjezere katundu mpaka afanane ndi wa wophunzira wa tsiku lonse, popeza komiti imafuna kuona kuti angathe kusenza zambiri nthawi imodzi. Pa maphunziro ofunika aja, abwereze okhawo amene anapeza giredi yochepera C. Amene anapeza C asataye nawo nthawi, koma atenge maphunziro apamwamba a nthambi yomweyo monga biochemistry, physiology, genetics ndi microbiology. A wa phunziro lobwereza sadabwitsa munthu, pomwe A wa phunziro lokhwima lomwe ukuliona koyamba ali ndi mawu.

Maphunziro ochita utatenga kale digiri amawatcha post-bacc. Munthu akhoza kudzikonzera yekha polembetsa pa yunivesite ya boma yapafupi, ndipo iyi ndiyo njira yotsika mtengo. Palinso mapulogalamu okonzedwa kale, okhala ndi alangizi. Apa muchenjere, chifukwa ena otchuka, monga a ku Bryn Mawr ndi ku Goucher, anakonzedwera anthu amene sanaphunzirepo sayansi ndipo akusintha ntchito, osati amene anaiphunzira n'kulakwa.

Njira ina ndi digiri yachiwiri yapadera ya chaka chimodzi, imene amaifupikitsa kuti SMP. Yoyamba inayambika pa Georgetown University mu 1975. M'mapulogalamu ambiri otere wophunzira amaphunzira zina mwa zomwe ophunzira udokotala a chaka choyamba akuphunzira, ndipo malikisi ake amayerekezedwa ndi awo. Ukakhoza bwino, umboni wake ndi wamphamvu kuposa wina uliwonse. Koma fizi yake ndi madola masauzande makumi angapo, malikisi ake sasintha avereji ya digiri yoyamba chifukwa amalembedwa pa mzere wawo, ndipo ukachita mwapakatikati wadzitsekera khomo ndi dzanja lako. Ine sindingalangize munthu kulowa SMP asanaone ma A otsatizana kwa chaka chathunthu.

Kenako pali mayeso a MCAT, amene pafupifupi aliyense wopempha malo amalemba. Amatenga maola pafupifupi 7 ndi theka, ali ndi zigawo zinayi, ndipo kuyambira 2015 malikisi ake amayambira pa 472 kulekeza pa 528. Olowa m'sukulu za MD avereji yawo imakhala cha m'ma 511 kapena 512. Kwa munthu wa GPA yotsika, awa ndi malo okhawo pamene amaima mzere umodzi ndi wina aliyense, posayang'ana koleji imene anachokera. Koma sukulu zimaona zotsatira za ulendo uliwonse umene walemba, ndipo malamulo amalola katatu pachaka, kasanu ndi kawiri pa moyo wonse. Musalembe pofuna kungolawa. Lembani pamene mayeso oyeserera akukupatsani mobwerezabwereza nambala imene mukufuna. Musalembenso msanga kwambiri, popeza sukulu zambiri zimalandira zotsatira za zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo basi.

Anthu athu ambiri sadziwa kuti ku America kuli madigiri awiri a udokotala. Kupatula MD pali DO, imene inayambitsidwa ndi Andrew Taylor Still, yemwe anatsegula sukulu yake ku Kirksville, Missouri, mu 1892. Lero dokotala wa DO amalemba mankhwala, amachita opaleshoni, ndipo kuyambira 2020 maphunziro a m'chipatala otsatira digiri, amene amati residency, ali pansi pa dongosolo limodzi kwa a MD ndi a DO. Pafupifupi wophunzira udokotala mmodzi mwa anayi alionse ku America ali pasukulu ya DO. Avereji ya olowa imatsikirapo pang'ono poyerekeza ndi ya MD, ndipo sukulu zimenezi zimadziwika kuti zimalandira bwino anthu amene anadzikonza. Kukana njira imeneyi chifukwa cha zilembo ziwiri zokha n'kudzimana. Amene akufuna kudzagwira ntchito kunja kwa America yekha ndiye ayambe wafunsa bungwe loona za madokotala m'dziko limenelo mmene limalandirira digiriyi.

Ndiye pali sukulu za pa zisumbu za Caribbean, monga St. George's University ya ku Grenada, yomwe inakhazikitsidwa mu 1976, ndi Ross University, yomwe inasamukira ku Barbados mphepo yamkuntho ya Maria itasakaza Dominica mu 2017. Kulowa kwake n'kosavuta, ndipo madokotala abwino ambiri anachokera kumeneko. Chovuta chili potuluka. Ku America digiri yopanda residency silola munthu kuona odwala payekha. Mwa omaliza m'sukulu za MD za mu America momwemo, oposa 9 mwa 10 amapeza malo a residency. Mwa nzika za America zophunzira kunja, opeza amakhala 6 kapena 7 mwa 10, ndipo chiwerengerochi sichiphatikizapo amene anasiyira panjira ngongole ili pamutu. Sukulu zimenezi zimakopa kwambiri munthu amene watopa ndi kudikira, yemwenso nthawi zambiri sanakonze chimene chinamugwetsa. Aziganizire pokhapokha atadzikonza n'kuyesa kawiri ku MD ndi ku DO.

Kufotokoza zakale

Fomu ya AMCAS ili ndi malo a zilembo 5,300 pomwe munthu amalemba chifukwa chimene akufunira udokotala. Malo amenewa asadzazidwe ndi madandaulo. Nkhani ya malikisi ikhale yaifupi ndi yoona: chinachitika ndi ichi, ndinasintha ichi, zotsatira zake ndi izi. Kuloza chala aphunzitsi sikuthandiza, chifukwa owerengawo ndi aphunzitsinso. Fomuyo imafunsanso ngati koleji inakupatsanipo chilango chifukwa cha malikisi otsika kapena khalidwe. Yankhani zoona. Komiti imakhululuka kulakwa mayeso, koma bodza likadziwika malo amalandidwa ngakhale mutalowa kale.

Zaka zokonza malikisizi zisakhale za m'kalasi mokha. Kugwira ntchito yothandiza anamwino, kuyenda ndi ambulansi, kapena kulembera dokotala zimene akukambirana ndi wodwala kumapatsa munthu zonena zenizeni pa tsiku la intavyu. Kumamuonetsanso ngati fungo la m'wodi ndi kulira kwa abale a wodwala angakhale nazo moyo wake wonse. Ambiri mwa olowa masiku ano amakhala atapumira chaka chimodzi kapena kuposerapo atamaliza digiri yoyamba, choncho wolowa ali ndi zaka 27 sakhala wachilendo m'kalasi.

Mawu apadera kwa amene si nzika ya America ndipo alibe green card: khomo lanu ndi lopapatiza kwambiri. Sukulu zolandira alendo ndi zochepa, ngongole za boma la America simungapeze, ndipo sukulu zina zimafuna umboni wa ndalama za fizi musanayambe. Zambiri zimafunanso kuti maphunziro a sayansi aja muwachitire ku America kapena ku Canada. Ngati malikisi anu ndi otsika pamwamba pa zonsezi, funsaninso za sukulu za udokotala za kwathu ndi za m'maiko oyandikana nafe musanamize ndalama za banja lonse mu post-bacc.

Kwa inu amene mukuwerenga mutu uno pepala la malikisi likukulemerani, litulutseni m'chikwama mlungu uno. Tengani pensulo, muchulukitse mapointi a phunziro lililonse ndi makirediti ake, mupeze avereji ya sayansi payokha ndi ya chaka chilichonse payokha. Pambali pa teremu iliyonse yoipa lembani chimene chinkachitika pa moyo wanu nthawi imeneyo. Mukatero pitani nalo kwa mlangizi wa ofuna udokotala pa koleji yanu yakale, chifukwa makoleji ambiri amathandizabe amene anamaliza kale. Musalipire fizi ya pulogalamu iliyonse musanachite zimenezi.